Galu wanu sanapenge, wangotha msinkhu

Mudamutenga ali kagalu ka masabata 8, kokwana m'katoni ya sopo. Kankakutsatirani paliponse, mukalowa kubafa kankadikira pakhomo. Pofika miyezi 4 ana anali atakaphunzitsa kukhala pansi, ndipo alendo akabwera munkakaonetsa monyadira.

Lero ali ndi miyezi 8. Watafuna silipasi yachitatu mwezi uno, wagwetsa zovala za pachingwe n'kukokera chitenje cha mayi m'matope, wafukula mpiru kuseri kwa nyumba, ndipo Lamlungu lapitali adadumphira apongozi n'kuwasiyira zidindo za mapazi pa suti yakutchalitchi. Mukamuitana amakuyang'anani kamodzi, kenako n'kuliyatsa liwiro lozungulira nyumba.

M'nyumba mwayamba kale bwalo. Bambo akuti galuyu waonongeka chifukwa chomulekerera, akufunika ndodo. Mayi akuti amangidwe pa tcheni. Mlonda akuti ingomuperekani kumudzi. Ine ndikupemphani kuti muyambe mwadekha. Galuyo sanaonongeke ndipo sanapenge. Ali pa msinkhu wofanana ndi wa mwana wanu wa Fomu 2, ndipo kujijirika kwa msinkhu umenewu kumatha. Chomwe sichitha msanga ndi khalidwe lomwe ndodo ndi tcheni zingamuphunzitse m'miyezi yomweyi.

Zomwe zikuchitika m'thupi mwake

Galu amakula mothamanga. Mano ake aubwana, omwe amakhala 28, amayamba kuguluka ali ndi miyezi 3 kapena 4, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 amakhala atamera mano aakulu 42. Nthawi yomweyo thupi limayamba kutulutsa mahomoni a kubereka. Wamkazi akhoza kufika nyengo yake yoyamba yofuna amuna ali ndi miyezi 6 yokha, ngakhale agalu a mitundu ikuluikulu amachedwerapo. Wamwamuna amayamba kukweza mwendo pokodza ndi kufunafuna pobowola mpanda.

Thupi litathamanga chonchi, ubongo umatsalira. Mbali zomwe zimabweretsa chidwi, mantha ndi chisangalalo zimakhwima msanga, pomwe mbali yakutsogolo, imene imathandiza nyama kudzigwira, imachedwa. Zili ngati minibasi yoikidwa injini yatsopano mabuleki akadali kwa makaniko. Agalu aang'onoang'ono amayamba kukhazikika akamakwanitsa chaka, koma aakulu monga Boerboel, Rottweiler ndi German Shepherd, omwe tikuwakonda kwambiri m'matauni masiku ano, amatha kufika zaka ziwiri akadali ndi nzeru zachibwana m'thupi la makilogalamu 40 kapena kuposa.

Mu 2020, gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Dr Lucy Asher wa ku yunivesite ya Newcastle ku Britain lidafalitsa kafukufuku pa nkhani yomweyi m'magazini ya sayansi ya Biology Letters. Iwo adayesa agalu 69 omwe ankakonzekeretsedwa ntchito yotsogolera anthu osaona. Galu aliyense adauzidwa kukhala pansi ali ndi miyezi 5, kenako adayesedwanso ali ndi miyezi 8. Pa miyezi 8 agaluwo ankanyozera lamuloli kwambiri kuposa kale, koma ankanyozera owalera okha. Mlendo akapereka lamulo lomwelo ankamvera bwinobwino.

Makolo a achinyamata akuidziwa nkhani imeneyi. Mwana yemwe kunyumba satola ngakhale tsache, kwa aneba amamutama kuti ndi waulemu.

Akatswiriwo adafunsanso olera agalu 285 za mmene agalu awo amamverera. Mayankho adaonetsa kuti kumvera kumatsika pa miyezi 8, koma pofika miyezi 12 kumakhala kutabwerera. Adapezanso kuti kusamveraku kunali kwakukulu mwa agalu omwe ankaonetsa nkhawa akasiyidwa okha, omwe ubale wawo ndi owalera unali wosakhazikika. Agalu a kafukufukuyu anali ma Labrador, ma Golden Retriever ndi ma German Shepherd a ku Britain, koma mahomoni omwe amasokoneza iwo ndi omwewo ali mwa Bingo wanu wachikuda. Phunziro lake kwa ine ndi lakuti galu yemwe akukuvutani kwambiri angakhale yemwe akufunikira kwambiri kuti akudalireni, ndipo ndodo ikamulanda chidaliro chochepa chomwe ali nacho.

Ndodo, tcheni ndi khola

Mwina mukuti, "Koma amadziwa kuti walakwa. Ndikafika n'kupeza watafuna nsapato amagwetsa makutu, mchira n'kuupinda." Nkhope imeneyo idafufuzidwa. Mu 2009 Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York adauza eni agalu 14 kuti aletse agalu awo kudya kachakudya kenakake, kenako atuluke m'chipinda. Pobwerera, ena ankauzidwa zoona, ena ankanamizidwa kuti galu wadya pomwe sadadye. Nkhope yolapa ija inkaoneka galu akakalipiridwa, kaya adadya kaya sadadye, ndipo inkaonekera kwambiri mwa agalu osalakwa omwe akalipiridwa. Galu wanu akamapinda mchira akuwerenga nkhope yanu ndi mawu anu. Nsapato adatafuna 10 koloko mmawa, inu mukumumenya 6 koloko madzulo. Chomwe akuphunzira n'chakuti bwana akafika pageti nthawi zina amamenya popanda chifukwa.

Ndodo ili ndi mtengo wina. Mu 2009, Dr Meghan Herron ndi anzake a ku yunivesite ya Pennsylvania ku America adafunsa anthu 140 omwe adabweretsa agalu ovuta kuchipatala cha ziweto za njira zomwe adayesapo kunyumba. Mwa agalu omwe adamenyedwa kapena kupondedwa, 43 mwa 100 alionse adabwezera mwaukali. Ku Porto m'dziko la Portugal, kafukufuku wa mu 2020 pa agalu 92 a m'masukulu ophunzitsa agalu adapeza kuti ophunzitsidwa mokalipiridwa ndi kukokedwa chingwe anali ndi homoni ya nkhawa yotchedwa cortisol yochuluka m'malovu akamaliza maphunziro, kusiyana ndi ophunzitsidwa ndi mphotho. Ndodo imaletsa galu panthawiyo, sindikutsutsa. Koma siimuuza choyenera kuchita, ndipo yemwe angalumidwe ndi galu womenyedwa kawirikawiri si bambo omwe amamumenya okha. Akhoza kulumanso mwana wa zaka 4 yemwe wakweza dzanja mwadzidzidzi pafupi ndi mutu wake.

Tcheni nayo ndi yankho lofulumira lomwe limadzabweza ngongole. Kafukufuku wa mumzinda wa Denver ku America, yemwe adafalitsidwa mu 1994 m'magazini ya madokotala a ana ya Pediatrics, adayerekeza agalu 178 omwe adaluma anthu ndi ena 178 omwe sadalume. Mwayi woti galu akhale m'gulu la oluma unali wokwera pafupifupi katatu kwa agalu omangidwa pa tcheni. Chifukwa chake sichovuta kumva. Nyama ikachita mantha imathawa kapena imamenya nkhondo, ndipo womangidwa alibe kothawira. Tsiku lonse amaona anthu, nkhuku ndi agalu anzake akudutsa, amathamangira n'kubwezedwa ndi tcheni pakhosi. Tsiku lomwe tcheniyo idzaduke, mphamvu za miyezi yonseyo zimatulukira pa yemwe wadutsa.

Apa ndikudziwa kuti ambiri tisiyana maganizo. Ambiri mwa ife sitidagule galu kuti tizigona naye pasofa. Tidagula mlonda. Ndiye pali chiphunzitso chomwe chimayenda m'makwalala chakuti galu wolondera azitsekeredwa m'khola usana wonse kuti asazolowere anthu, ndipo ena amafika pomupatsa chamba kuti akhale wolusa. Chamba ndi poizoni kwa galu: amadzandira, amakodza osadziwa, amagona ngati wakomoka. Palibe ukali wanzeru womwe umachokera mmenemo. Zotsekera galu kuti asaone anthu zimabala galu woopa aliyense, yemwe sasiyanitsa wakuba ndi wowerenga mita ya madzi kapena mwana wa aneba wodzatola mpira. Kuuwa mlendo wachilendo usiku sikufuna maphunziro a nkhanza. Agalu ambiri amayamba okha akamakhwima n'kuzindikira kuti pakhomopo ndi pawo. Mlonda yemwe mukumufuna ndi woti auwe mwamphamvu, koma mukati "basi" asiye. Zimenezo zimatheka ndi galu yemwe amakumverani chifukwa amakudalirani. Tisaiwalenso kuti m'Malawi muno kuzunza nyama ndi mlandu pansi pa lamulo la Protection of Animals Act.

Ngati pakhomo panu palibe mpanda, ndikumvetsa kuti nthawi zina kumanga galu sikungapeweke. Mangani waya wautali pakati pa mitengo iwiri kuti chingwe chiziyenda nawo, pakhale mthunzi ndi madzi, ndipo zikhale za maola ochepa patsiku, osati moyo wake wonse.

Nanga mutani?

Yambani ndi mwendo ndi mphuno. Galu wa miyezi 8 yemwe satuluka kumpanda adzadzipezera yekha ntchito, ndipo ntchito yake ndi dimba lanu. Muyendeni naye pa chingwe mmawa ndi madzulo, mphindi 20 kapena 30 ulendo uliwonse. M'miyezi yotentha ya October ndi November pewani masana, chifukwa phula ndi mchenga zimawotcha mapazi. Poyendapo musamukoke akaima kununkhiza. Mphuno ya galu ili ndi timaselo tomva fungo tochuluka maulendo makumimakumi kuposa ya munthu, ndipo kununkhiza pachitsa pomwe adutsa anzake ndiye nyuzipepala yake. Kumamutopetsa ubongo kuposa kuthamanga. Pachifukwa chomwechi, tsiku lina m'malo moika chakudya m'mbale, chimwazeni mu kapinga kuti achisake. Chomwe akadameza m'mphindi imodzi chimutengera kotala la ola.

Musaganize zomuthamangitsa kumbuyo kwa njinga kuti atope. Mafupa a agalu aakulu amakhala asanakhwime pa msinkhu umenewu, komanso galu wothamangitsidwa tsiku ndi tsiku amangosanduka katswiri wa liwiro yemwe mawa adzafuna mtunda wautali kuposa lero.

Maphunziro akhale aafupi, mphindi 5 kawiri kapena katatu patsiku, asanadye. Simukufunika zogula kusitolo. Usipa wouma wodukiza m'tizidutswa, kapena bonya, ndi malipiro okwanira. Chinsinsi ndi nthawi: mphotho ifike pasanathe masekondi awiri galu atachita chomwe mukufuna. Mukachedwa, iye n'kuimirira, mwamulipira chifukwa choimirira. Bwererani ku zomwe ankadziwa ali ndi miyezi 4 ngati mukuyamba kumene, m'malo a phee, kenako pakhonde, kenako pageti pomwe pali zosokoneza. Galu yemwe amakhala pansi kukhitchini sanaphunzirebe kukhala pansi nkhuku ikudutsa.

Kudumphira anthu ndiko kumadandaulitsa ambiri, ndiye tiyeni tikhalepo pang'ono. Ali kagalu, ankaimirira ndi miyendo yakumbuyo inu n'kumusisita. Mudamuphunzitsa nokha. Lero akadumpha mumakuwa, mumamukankha ndi manja, mwina n'kumuthamangitsa. Kwa inu chimenecho ndi chilango, koma kwa iye ndi masewera okoma: bwana wandiyang'ana, wandilankhula, wandigwira. Njira yake ndi kumulanda malipiro amenewo. Akadumpha pindani manja, tembenukani, khalani chete. Mapazi onse anayi akangogunda pansi, muyamikireni ndi kumupatsa kausipa, dzanja lili pansi kuti asadumphirenso.

Ndikuchenjezeni kuti masiku oyamba zidzaipiraipira. Chinthu chomwe chakhala chikugwira ntchito chikasiya, nyama imayesa mwamphamvu isanagonje, monga momwe inu mumadinira rimoti mobwerezabwereza mabatire akatha. Ambiri amasiyira pamenepa n'kunena kuti njirayi ndi yabodza. Choopsa china ndi cha m'nyumba momwemo. Inu mukatembenuka koma mwana wanu wamkulu n'kumamukumbatira akadumpha, galu amaphunzira kuti kudumpha kumalipira mwa apo ndi apo. Khalidwe lolipidwa mwa apo ndi apo ndilo lovuta kwambiri kuthetsa, ndipo aliyense wodziwa munthu wobetcha mpira akudziwa chifukwa chake: kuwina kamodzi kumamubwezera kukabetchanso maulendo khumi. Choncho khalani pansi banja lonse, wantchito ndi mlonda omwe, mugwirizane lamulo limodzi ndi mawu amodzi. Wina akamati "khala", wina "sit", wina "pansi iwe", wosokonezeka ndi galu. Alendo akamabwera, mugwireni pa chingwe asanalowe. Apongozi si chida chophunzitsira.

Pa nkhani ya kubwera akaitanidwa pali lamulo limodzi lomwe timaphwanya tonse: osamuitana kuti mudzamulange. Mukamuthamangitsa kwa theka la ola, iye n'kubwera yekha, inu n'kumukwapula, mwamulanga chifukwa chobwera. Mawa adzatenga ola lathunthu. Meza mkwiyo, mupatseni usipa. Yesererani ali pa chingwe chachitali cha mamita 5 kapena 10, muitaneni kamodzi kokha ndi mawu osangalala, akabwera mulipireni n'kumulola apitenso kukasewera, kuti asamaganize kuti kuitanidwa ndi kutha kwa chisangalalo. Akapulumuka, musamuthamangire. Thamangirani kwina mukumuitana, adzakutsatirani.

Kutafuna sikuletsedwa, kumangosinthidwa kolowera. Mupatseni chingwe chokhuthala chomanga mfundo kapena chidole cholimba cha labala. Musamupatse nsapato yakale, chifukwa iye sasiyanitsa yakale ndi yomwe mwagula dzulo. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka n'kukhala akuthwa ndipo akhoza kubaya matumbo. Zotsalazo ndi ntchito yanu: nsapato zilowe m'nyumba, chingwe choyanikira chikwere, dimba litchingidwe. Zimenezi si kugonja. Tsiku lililonse lomwe sanatafune silipasi ndi tsiku lomwe chizolowezicho chikufooka.

Chomwe ambiri sachiganizira ndi tulo. Galu amagona pafupifupi theka la tsiku, ndipo wamng'ono amafuna kuposa pamenepo. Pakhomo pa ana ambiri, pomwe wina akachoka kusukulu amamudzutsa, wina n'kumukoka mchira, galu amafika madzulo ali ngati mwana wodutsitsa nthawi yogona: amaluma zovala, amathamanga mozungulira, samva chilichonse. Apa khola lili ndi ntchito yabwino, likakhala chipinda chake chopumira chomwe ana aletsedwa kumusokonezamo. Onaninso zam'thupi. Nthata, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba zimasowetsa galu mtendere, ndipo wodya mkute wokhawokha wopanda ndiwo amakhala ndi njala yomwe imamuyendetsa m'zinyalala.

Za kufula, kambiranani ndi dokotala wa ziweto kapena mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA ndipo ku Blantyre kuli BSPCA, omwe amathandiza pa zimenezi. Kufula kumachepetsa kuyendayenda kofuna akazi ndipo kutseka wamkazi kumakupulumutsani ku tiana tosakonzekera, poti bere la galu ndi la masiku pafupifupi 63 okha. Koma musayembekezere kuti galu wofulidwa asiya kudumphira alendo. Chomwe adaphunzira chimachoka ndi maphunziro.

Ndinene chilungamo: zonsezi n'zotopetsa. Padzakhala sabata yomwe mudzaone ngati mwapambana, kenako Loweruka n'kupeza wang'amba matiresi omwe mudayanika. Ndipo ngati m'nyumba mwanu aliyense amachoka m'bandakucha n'kubwera kutada, popanda ndi mmodzi yemwe wopatula mphindi 40 patsiku, vuto si galuyo. Boerboel sanali woyenera pakhomo panu. Kumupezera munthu wodziwika yemwe ali ndi malo ndi nthawi n'kwabwino kuposa zaka 10 za pa tcheni. Chokhacho chomwe sindingavomereze ndi kukamutaya kumsika kapena kumsewu.

Pomwe kujijirika si unyamata

M'dziko lathu mawu akuti "galu wapenga" ali ndi tanthauzo loopsa, ndiye tisiyanitse bwino. Galu wachinyamata amadya, amamwa madzi, amakuzindikirani, amagwedeza mchira, ndipo vuto lake lakula pang'onopang'ono kwa masabata. Wa chiwewe amasintha m'masiku ochepa. Wofatsa amalusa popanda chifukwa, kapena wansangala amabisala. Amatuluka dovu, amalephera kumeza, mawu ake pouwa amasintha, amaluma mitengo ndi miyala, kenako miyendo imafooka, ndipo amafa pasanathe masiku pafupifupi 10 zizindikiro zitayamba. Mukaona zotere, makamaka ngati sadabayidwe katemera kapena adalumidwapo ndi galu woyendayenda, mutsekereni popanda kumugwira ndipo itanani a zaziweto.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Ana osakwana zaka 15 ndiwo amakhudzidwa kwambiri. N'chifukwa chake mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito. Galu wa miyezi 8 amagwira manja a ana ndi mano posewera, komanso ndi msinkhu womwe amabowola mpanda n'kukakumana ndi agalu osadziwika. Katemera amayamba pa miyezi 3. Ngati wanu sanabayidwe, chitani zimenezo sabata ino musanayambe n'komwe maphunziro a usipa. Ndipo dzino lake likaboola khungu la munthu, ngakhale posewera, tsukani bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, galuyo mumusunge motsekera kuti a zaziweto amuone kwa masiku 10.

Ngati wabayidwa, akudya bwino ndipo akungokusowetsani mtendere, ikani usipa pang'ono m'thumba la jekete mmawa musananyamuke. Madzulo mukamatsegula geti adzabwera ndi liwiro lake lija. Pindani manja, tembenukani, dikirani mapazi anayi agunde pansi.